Madzi Ozizira Pansi pa Nyanja Yotentha

M'chaka cha 1751, sitima yapamadzi ya ku England yotchedwa Earl of Halifax inaima pakati pa nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Africa, m'dera limene dzuwa limaswa mtengo. Woyendetsa sitimayo, Henry Ellis, anali ndi ndowa yachilendo imene anapatsidwa ndi m'busa wina wokonda sayansi, Stephen Hales. Ndowayo inali ndi zivindikiro kumwamba ndi kunsi, zotseguka ikamamira ndi kudzitseka zokha ikamakokedwa, ndipo m'kati mwake munali kachipangizo koyezera kutentha. Ellis anaimangirira ku chingwe chachitali n'kuitsitsa m'madzi. Madzi apamwamba anali pa madigiri 29. Amene anatungidwa pa mamita pafupifupi 1,200 anali pa madigiri 12 okha, ndipo atapitiriza kutsitsa mpaka kudutsa mamita 1,600 kuzizirako kunali komweko. Lero tikudziwa kuti madzi a pansipo ndi ozizira kuposa pamenepo, kungoti ankafunda m'njira pamene amalinyero ankakoka chingwe.

Sitimayi inali ya malonda a akapolo, ndipo zimenezi siziyenera kubisika pofotokoza nkhaniyi. Umodzi mwa miyezo yoyambirira ya kutentha kwa madzi akuya unachitikira pa sitima yogulitsa anthu a ku Africa, ndipo m'kalata yake Ellis anakondwera kuti madzi ozizirawo ankaziziritsira vinyo ndi kusamba pa nthawi ya kutentha. Tanthauzo la zimene anapezazo sanalione. Analiona ndi munthu wina patapita zaka zoposa 40, Benjamin Thompson, wodziwika ndi dzina loti Count Rumford. Iye anafunsa kuti: m'dera lotentha chonchi, mmene ngakhale m'nyengo yozizira madzi apamwamba safika pa kuzizira kotereku, kuzizira kwa pansiku kwachokera kuti? Yankho lake linali loti madziwo si a pamenepo. Anazizirira kutali, kumalekezero a dziko kumene kuli madzi oundana, anamira, kenaka anayenda chokwawa pansi pa nyanja mpaka kufika pansi pa sitima ya Ellis.

Wophunzira amene walowa m'kalasi ya oceanography, maphunziro a nyanja zikuluzikulu zamchere, m'chaka chake choyamba ku koleji, nthawi zambiri amabwera akuyembekezera kumva za anangumi ndi nsomba zamitundumitundu. Zimenezo zimabwera, koma mochedwa. Masabata oyamba amathera pa funso la Rumford lomweli. Amauzidwa kaye manambala oyambira: kuti nyanja zimaphimba magawo 71 pa 100 alionse a nkhope ya dziko, kuti zimasunga pafupifupi magawo 97 pa 100 a madzi onse, kuti kuya kwake tikakuphatikiza ndi kugawa ndi mamita pafupifupi 3,700, ndipo kuti malo akuya kwambiri, m'chigwa cha Mariana ku Pacific, amayandikira mamita 11,000. Akatero amamuonetsa chithunzi chimodzi chimene adzachione mpaka atamaliza maphunziro: mzere wosonyeza kutentha kwa madzi kuchokera pamwamba kupita pansi. M'madera otentha mzerewo umayamba pa madigiri 25 kapena kuposa, umakhala pomwepo kwa mamita ochepa chabe, kenaka umagwa msanga, ndipo ukadutsa mamita 1,000 umangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kufika pakati pa madigiri 0 ndi 4. Gawo limene kutentha kumagwera msangalo limatchedwa thermocline. Nyanja yofunda imene anthu amasambamo ku Beira kapena ku Zanzibar ndi kagawo kopyapyala kapamwamba. Madzi ambiri a m'nyanja za padziko ndi amdima ndiponso ozizira ngati a m'firiji.

Chimene chimasunga dongosololi ndi kulemera. Madzi ofunda ndi opepuka, ozizira ndi olemera. Madzi a mchere wambiri ndi olemera kuposa a mchere wochepa. Opepuka amayandama pa olemera monga mmene mafuta ophikira amakhalira pamwamba pa madzi m'poto, ndipo kuti awiriwa asakanizike pamafunika mphamvu. Chodabwitsa n'choti kusiyana kwake n'kochepa zedi. Lita imodzi ya madzi apamwamba imalemera magalamu pafupifupi 1,025, ndipo madzi a pansi pa nyanja, mutawabweretsa pamwamba, amaposa pamenepo ndi magalamu awiri kapena atatu basi. Kusiyana kochepa komweko n'kumene kumayendetsa madzi kuchoka ku Antarctica mpaka kudutsa mzere wa equator. N'chifukwa chake mphunzitsi wa phunziroli amakhala wovuta pa nkhani ya miyezo. Wophunzira wozolowera kunena kuti "pafupifupi 35" amauzidwa kuti 34.7 ndi 34.9 ndi madzi awiri osiyana, ochokera mbali ziwiri zosiyana za dziko.

Nambala ya 35 ndi ya mchere: mu kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja mumakhala mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Nkhani ya mcherewu inalongosoka bwino chifukwa cha ulendo wa sitima ya HMS Challenger, imene inanyamuka ku Portsmouth mu December 1872 n'kubwerera mu May 1876 itazungulira dziko. Inayenda makilomita oposa 125,000 ndipo inaima pa malo 362 kuti ayeze kuya, atunge madzi, akokolole matope ndi zamoyo za pansi. Anapeza mitundu ya zamoyo yoposa 4,000 imene sayansi inali isanaidziwe, ndipo malipoti a ulendowo anadzaza mabuku 50, lomaliza linatuluka mu 1895. Koma kwa wophunzira wathuyu chofunika kwambiri ndi ntchito ya William Dittmar wa ku Glasgow, amene anapima mabotolo 77 a madzi otungidwa pa ulendowo m'nyanja zosiyanasiyana. Mu 1884 anatsimikizira kuti ngakhale kuchuluka kwa mchere kumasiyana malo ndi malo, kasakanizidwe kake n'kamodzi kulikonse: chloride amatenga magawo pafupifupi 55 pa 100, sodium pafupifupi 31, ndipo zotsalazo n'za sulphate, magnesium, calcium ndi potassium. Kuti kasakanizidwe kafanane chonchi kuchokera ku Atlantic mpaka ku Pacific, ndiye kuti nyanja zonse n'zolumikizana ndipo zakhala zikutakasika kwa nthawi yaitali. Kunapezekanso phindu lina: ukayeza chinthu chimodzi chokha, wadziwa zonse. Masiku ano amangoyeza mmene madziwo akudutsitsira magetsi, n'kudziwa mchere wake.

Madzi amalandira kutentha kwake ndi mchere wake ali pamwamba, pamene akukumana ndi dzuwa, mphepo ndi mvula. Akangomira, amasunga ziwirizo kwa nthawi yaitali, ndipo zimasanduka chizindikiro chowadziwira kwawo. Mu 1916 wasayansi wa ku Norway, Bjørn Helland-Hansen, anayambitsa njira yojambula kutentha mbali imodzi ya pepala ndi mchere mbali inayo, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense amapatsidwa ntchito yojambula zimenezi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene phunziroli limayamba kukoma, pakuti manambala ouma aja amayamba kunena za ulendo. Nyanja ya Mediterranean imataya madzi ambiri ndi dzuwa kuposa amene imalandira ku mitsinje ndi mvula, choncho mchere wake umakwera kufika pa 38. Madzi olemerawo amatuluka chapansi pa khomo la Gibraltar, amatsetsereka kufika pa mamita pafupifupi 1,000, n'kufalikira m'kati mwa Atlantic, ndipo amadziwikabe ndi mchere wawo patali makilomita masauzande. Nyanja Yofiira ndi yamchere kuposa pamenepo, pafupifupi 40. Madzi ake amatulukira ku Gulf of Aden, ndipo ofufuza awapeza akuyenda chakum'mwera, mamita oposa 500 pansi, kudutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar mpaka kugombe la South Africa.

Madzi olemera koposa onse amapangidwa ku Antarctica, makamaka m'nyanja za Weddell ndi Ross. Madzi amchere amaundana pa madigiri pafupifupi 2 kunsi kwa 0, ndipo akamaundana ayezi amakana mchere wambiri n'kuusiya m'madzi otsala pansi pake. Madziwo, ozizira kale, amawonjezeka mchere, amalemera, n'kutsikira pansi penipeni. Kumpoto zofananazi zimachitika pafupi ndi Greenland. Malo omirira madzi ndi ochepa chonchi, koma ndi amene amadzaza pansi pa nyanja zonse. Kubwerera pamwamba kumachitika pang'onopang'ono, ndipo asayansi poyeza carbon-14 apeza kuti madzi akuya a kumpoto kwa Pacific anaona dzuwa komaliza zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Kufunika kwa kumira kumeneku kumaoneka bwino tikayang'ana nyanja yathu ya Malawi. Nayonso ili ndi madzi ofunda pamwamba ndi ozizirirapo pansi, ndipo kuya kwake kumafika pa mamita pafupifupi 700. Koma ilibe malo ozizira kwambiri oti madzi apamwamba amire mpaka pansi atanyamula mpweya wa okosijeni. Zomera ndi tizilombo takufa timagwera pansi, timawola, ndipo kuwolako kumamaliza okosijeni yense. Kupitirira mamita pafupifupi 250 mulibe mpweya woti nsomba ipume, ndipo mitundu mazanamazana ya nsomba imene nyanjayi imatchuka nayo imakhala m'gawo lapamwamba lokha. Nyanja ya Black Sea ili ndi vuto lomweli. M'nyanja zikuluzikulu zinthu zili mwina: madzi omira ku Antarctica ndi ku Greenland amatenga okosijeni wochuluka, pakuti madzi ozizira amasunga mpweya wambiri, n'kukaugawa pansi ponse. N'chifukwa chake mu 2022 makamera anajambula nsomba ikusambira pa mamita 8,336 m'chigwa cha Izu-Ogasawara kum'mwera kwa Japan, pamalo pamene kupanikiza kwa madzi kumaposa kwa mpweya wa pamtunda nthawi zoposa 800.

Za mapiri ndi zigwa za pansi pa nyanja, za mafunde, za kukwera ndi kutsika kwa madzi chifukwa cha mwezi, wophunzira amaziphunziranso, ndipo chilichonse chingafune mutu wakewake. Pano tikhalabe pa madzi ofunda ndi ozizira aja, ndipo tiwonjezerepo mphepo.

Pakati pa 1893 ndi 1896, Fridtjof Nansen wa ku Norway analola dala sitima yake, Fram, kuti igwidwe ndi ayezi wa ku Arctic kuti aone kumene ayeziyo adzaitengere. Anaona kuti ayezi sankatsata mphepo ndendende, ankapatukira kudzanja lamanja ndi madigiri pakati pa 20 ndi 40. Funsoli linafika kwa mnyamata wa ku Sweden amene anali adakali pa sukulu, Vagn Walfrid Ekman, ndipo mu 1905 anafalitsa masamu olongosola nkhaniyi. Dziko limazungulira, ndipo chilichonse choyenda mtunda wautali pankhope pake chimapatuka: kumanja ngati chili kumpoto kwa equator, kumanzere ngati chili kum'mwera. Mphepo imakankha madzi apamwamba penipeni, amenewo amapatuka pang'ono, n'kukoka a pansi pawo amene amapatukanso kuposa pamenepo, ndipo zimapitirira motero mpaka mphamvu itatha. Ukaphatikiza zonse, madzi a m'mamita 50 kapena 100 apamwamba amapita chopingasa, osatsata kumene mphepo ikulowera. Ophunzira ambiri amakanira poyamba, ndipo m'pomveka, pakuti m'beseni kapena padziwe zotere sizioneka. Zimafuna mtunda wautali ndi nthawi.

Zotsatira zake zimadyetsa anthu. Kugombe la Namibia ndi kumadzulo kwa South Africa mphepo imaomba kuchokera kum'mwera motsata gombe. Popeza kumeneko n'kum'mwera kwa equator, madzi apamwamba amapatukira kumanzere, kutanthauza kuti amachoka kugombe kupita pakati pa nyanja. Malo amene asiyawo amadzazidwa ndi madzi ochokera pansi, ozizira, odzaza ndi nitrate ndi phosphate zochokera ku zinthu zowola zija. Akafika powala, tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timachulukana, tinsomba timadya, ndipo nsomba zazikulu, mbalame ndi asodzi amatsatira. Amenewa ndi madzi a Benguela, ndipo ndi chifukwa chake munthu amene anasambapo ku Durban amazizidwa akaponda m'madzi kumadzulo kwa Cape Town ngakhale mu January. Mbali ya Durban kumadutsa mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, wonyamula madzi ofunda a Indian Ocean kupita kum'mwera, okwana makiyubiki mita pafupifupi 70 miliyoni pa sekondi iliyonse. Mitsinje yonse ya pamtunda, Amazon, Congo, Zambezi ndi ina yonse pamodzi, imathira m'nyanja makiyubiki mita ongopitirira pang'ono 1 miliyoni pa sekondi. Asodzi a ku Mangochi amadziwa mbali ina ya nkhaniyi: mwera ukaomba kwa masiku ambiri m'miyezi yozizira umakankhira madzi ofunda kumpoto kwa nyanja, ndipo kum'mwera kumatumphuka madzi ozizira achonde. Kayendedwe kake sikofanana ndendende ndi ka Benguela, koma n'chimodzi mwa zifukwa zimene kum'mwera kwa nyanjayi kumakhalira nsomba zambiri.

Kugombe la Peru n'kumene kutumphuka kwa madzi kotereku kumabereka nsomba zochuluka koposa, makamaka tinsomba totchedwa anchoveta. Koma pakapita zaka ziwiri mpaka 7, mphepo zimene zimakankhira madzi ofunda a Pacific kumadzulo, cha ku Indonesia, zimafooka. Madzi ofundawo amabwerera kum'mawa, thermocline ya ku Peru imatsikira pansi, ndipo ngakhale madzi atumphuke, amene amabwera ndi ofunda, opanda chakudya. Imeneyi ndiye El Niño. Mu 1972 inagwirizana ndi kusodza mopitirira muyezo n'kugwetsa usodzi wa ku Peru kwa zaka zambiri. Mitambo ya mvula imakonda kuunjikana pamwamba pa madzi ofunda, ndiye madziwo akasamuka mitambo imasamuka nawo, ndipo mphepo za dziko lonse zimasokonezeka. Kum'mwera kwa Africa zimenezi kawirikawiri zimabweretsa ng'amba. Mu February 2024 boma la Zambia linalengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko, ndipo mu March Malawi inalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28. Chimanga chinauma ku Chikwawa ndi ku Choma chifukwa malire a madzi ofunda ndi ozizira anasuntha m'nyanja ya kutsidya lina la dziko. Mlimi ali ndi ufulu wodziwa zimenezi, ndipo ubwino wake ndi woti El Niño imayamba kuoneka m'miyezo miyezi ingapo mvula yathu isanayambe.

Namondwe nayenso ndi mwana wa madzi ofunda. Madzi amasunga kutentha kwambiri kuposa mpweya, moti mamita atatu okha apamwamba a nyanja angasunge kutentha kofanana ndi kumene mpweya wonse wozungulira dziko ungasunge. Kuti namondwe abadwe pamafunika madzi a madigiri pafupifupi 26 kapena 27. Koma chimene wophunzira amadzazindikira n'choti kutentha kwa pamwamba pokha sikokwanira, pamafunika kudziwa kuti madzi ofundawo afika pati. Chimphepo chikamadutsa chimavundula nyanja. Ngati gawo lofunda ndi lopyapyala, madzi ozizira amakwera msanga, ndipo namondweyo amadzizimitsira yekha moto. Ngati ndi lochindikala, kuvundulako kumangobweretsa madzi ena ofunda, ndipo mphamvu yake imapitirira kapena kuwonjezeka. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pamadutsa madzi ozungulira ngati kamvuluvulu, ena otambalala makilomita pafupifupi 300, amene amayenda pang'onopang'ono kulowera kum'mwera, ndipo pakati pawo madzi ofunda amalowa pansi kwambiri. M'dera lomweli ndi mmene namondwe Idai anakulira asanagwere ku Beira mu March 2019. Freddy, amene anabadwira kumpoto chakumadzulo kwa Australia mu February 2023, anawoloka Indian Ocean yonse, anadutsa Madagascar, anagwera ku Mozambique, anabwereranso m'nyanja n'kupezamo mphamvu zatsopano, kenaka anagweranso pafupi ndi Quelimane pa 11 March. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Ku Malawi anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri a iwo ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe.

Pa zifukwa zimenezi, gawo lalikulu la maphunzirowa ndi kuphunzira kuyeza. Chida chachikulu pa sitima ya kafukufuku chimatchedwa CTD: chimatsitsidwa ndi chingwe, chimayeza mchere, kutentha ndi kuya kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo chazunguliridwa ndi mabotolo, nthawi zambiri 12 kapena 24, amene amatsekedwa limodzilimodzi pa kuya kumene wofufuza wasankha. Ntchitoyi ndi ya usiku ndi usana, ndipo sitima imadya ndalama zambiri tsiku lililonse. Ophunzira a ku South Africa amapeza mwayi wokwera sitima ya SA Agulhas II kukaphunzirira pamadzi pomwepo, koma ambiri padziko amamaliza chaka choyamba asanakwere sitima yotere. Amaphunzira ndi thanki ya galasi m'labotale, kuthira madzi amchere opaka utoto n'kuona akukwawa pansi pa madzi opanda mchere. Chimene sangachizembe ndi masamu, physics ndi chemistry, ndipo masiku ano ndi luso lolemba mapulogalamu a pakompyuta. Wachinyamata amene akulakalaka phunziroli azigwiritsitse zimenezi akadali ku sekondale.

Kuyambira cha m'ma 2000 ntchito yoyeza inasintha chifukwa cha pulogalamu ya Argo. Pali timakina pafupifupi 4,000 toyandama m'nyanja zonse. Kalikonse kamamira kufika pa mamita 1,000, kamatengeka ndi madzi kwa masiku 9 kapena kuposerapo pang'ono, kamatsikanso mpaka mamita 2,000, kenaka kamakwera kakuyeza kutentha ndi mchere, n'kutumiza zimene kapeza kudzera pa setilaiti, ulendo wonse masiku 10. Timakinati tathandiza kutsimikizira kuti pafupifupi magawo 90 pa 100 a kutentha kowonjezera kumene dziko lasunga chifukwa cha utsi wa mafuta ndi malasha kwalowa m'nyanja. Miyezo ya pa sitima nayo yaonetsa kuti madzi a pansi penipeni ochokera ku Antarctica akhala akufunda pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo, ndipo m'madera ena mchere wake ukuchepa. Zonse zimene Argo imapeza zimaikidwa pa intaneti kwaulere, moti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Lusaka, amene sanaonepo nyanja yamchere, atha kujambula mzere wa kutentha kwa madzi a pafupi ndi Madagascar a mwezi watha.

Komabe Argo ili ndi malire. Pafupifupi theka la madzi a m'nyanja lili kunsi kwa mamita 2,000, ndipo timakina tatsopano totha kufika pa mamita 6,000 tikadali tochepa. Timakinati sitigwiranso ntchito m'madzi osaya a m'mphepete mwa gombe, poti tingagunde pansi. Kutsogolo kwa Beira ndi kumatsiriro a Zambezi kuli dera lalikulu losaya lotchedwa Sofala Bank, kumene asodzi a ku Mozambique amakolola nkhanu zam'madzi zogulitsa kunja, kumene madzi a Zambezi ndi a Shire amasakanizikira ndi amchere, ndiponso kumene namondwe amaunjikira madzi asanawakhuthulire m'mizinda. Malo ngati amenewa amafunabe bwato, chingwe ndi munthu wodziwa kuwerenga chida. Yunivesite ya Eduardo Mondlane inaika sukulu yake ya sayansi ya nyanja ndi magombe ku Quelimane, ndipo yunivesite ya Dar es Salaam ili ndi yake ku Zanzibar. Kuchoka ku Mulanje kupita ku Quelimane, kudzera pachipata cha Muloza, ndi ulendo wa tsiku limodzi pagalimoto.